Mneni wa Chingerezi "raid": tanthauzo, chiyambi ndi momwe wagwirira ntchito pa mbiri ya Mulanje

Wophunzira aliyense amene anawerengapo mbiri ya Malawi m'Chingerezi anakumanapo ndi mawu akuti "slave raids". Mawuwa amachuluka makamaka nkhani ikafika pa Mulanje wa m'zaka za m'ma 1880 ndi 1890, pomwe pamatchulidwa mafumu monga Chikumbu, Mkanda, Matipwiri ndi Mthiramanja. Mphunzitsi akafunsa tanthauzo la "raid", yankho lomwe limabwera msanga ndi lakuti "kuukira", ndipo phunziro limapitirira. Chimangirizo chino chikufuna kuonetsa kuti yankho limeneli ndi loperewera. Chingerezi chili ndi aneni angapo onena za kuthira nkhondo, monga "attack", "assault", "invade" ndi "raid". Wolemba akasankha mmodzi mwa aneniwa n'kusiya enawo amakhala wanena kale maganizo ake pa funso lakuti wolakwa ndani, wachilolezo ndani, nanga wakuba ndani, ngakhale kuti mawu akuti "wakuba" sanawalembe paliponse.

Tanthauzo ndi malamulo a kagwiritsidwe ntchito

Mwa aneni onsewa, "attack" ndiye wotakata kwambiri. Munthu mmodzi angathe kuchita zimenezi kwa mnzake, galu kwa mwana, matenda kwa mbewu, ngakhalenso phungu wa nyumba ya malamulo kwa nduna pomulankhula mawu okhadzula. Mneni wa "invade" amanena za kulowa m'dziko la eni ndi cholinga chokhalamo kapena kulilamulira. Mneni wa "assault" amagwira ntchito kwambiri m'makhoti, pa milandu yomenya kapena kuopseza munthu. Koma "raid" ali ndi malire ake. Ochita zimenezi amakhala gulu, amabwera modzidzimutsa, sakhalitsa, ndipo amabwera kudzatenga kapena kudzaononga chinthu chodziwika, kaya ndi ng'ombe, anthu, mfuti kapena chakudya. Chachikulu kuposa zonse n'chakuti akamaliza amabwerera komwe achokera. Gulu lomwe lafika pamudzi n'kumanga linga lake pomwepo silinachite "raid", lalanda malo.

Pa malamulo a chiyankhulo, "raid" ndi mneni woyambukira, ndipo pamtherankhani wake amakhala malo kawirikawiri, osati munthu. Mngerezi anganene kuti "they raided the village" kapena "they raided the store", koma chiganizo chakuti "they raided the old man" chimamveka chachilendo m'makutu mwake. Mawu omwewa amagwiranso ntchito ngati dzina, ndipo apa ndi pomwe ophunzira ambiri amaphunthwa. Dzina limafuna mperekezi "on", monga m'mawu akuti "a raid on the market", pamene mneni safuna mperekezi aliyense. Kotero chiganizo chakuti "the police raided on the market", chomwe chimaoneka m'zolemba za ophunzira, n'cholakwika chifukwa chasakaniza lamulo la dzina ndi la mneni.

Katchulidwe nako kamativuta. Chichewa chili ndi malembo a liwu 5 okha, ndipo liwu lapakati pa mawu a "raid" ndi lophatikiza, loyamba ngati e n'kutha ngati i. Ambiri timalifupikitsa kukhala e. Onjezerani apo kuti kwa ife l ndi r sasiyanitsa matanthauzo a mawu, popeza timangolemba r patsogolo pa i kapena e ndipo l kwina konse. Zotsatira zake n'zakuti "raid", "laid", "red" ndi "led" amatuluka m'kamwa ngati mawu amodzi. Wowerenga nkhani pa wailesi akapanda kusamala, asilikali amamveka ngati aikira mazira pamudzi.

Komwe mawuwa anachokera

Chodabwitsa choyamba n'chakuti "raid" ndi "road" ndi mawu amodzi omwe anapatukana. M'Chingerezi chakale, cholankhulidwa zaka zoposa 1,000 zapitazo, munali mneni "ridan", kutanthauza kukwera kavalo, kholo la "ride" wa lero. Kuchokera kwa mneniyu kunabwera dzina lakuti "rad", lotchulidwa ndi a wotalika, kutanthauza ulendo wa pakavalo, kuphatikizapo ulendo wokathira nkhondo. M'kupita kwa nthawi, anthu a kummwera kwa England anasintha a wotalikayu kukhala o, pamene a kumpoto ndi a ku Scotland anamukankhira kutsogolo kwa kamwa kukhala e. N'chifukwa chake "stan" anakhala "stone" kummwera koma "stane" ku Scotland, "ham" anakhala "home" ndi "hame", ndipo "rad" anakhala "road" ndi "raid". Kusintha kotereku sikwachilendo kwa ife amene timamva Chinyanja cha ku Mulanje chikusiyana ndi Chichewa cha ku Kasungu pa mawu omwe gwero lake ndi limodzi.

Tanthauzo la "road" ngati msewu linabwera mochedwa, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1500. Asanatero, mawuwa ankanenabe za ulendo wa nkhondo. Umboni ulipo m'Baibulo la Chingerezi la King James la m'chaka cha 1611. Pa 1 Samueli 27:10, pomwe mfumu Akisi ikufunsa Davide komwe wakathira nkhondo tsiku limenelo, omasulira analemba "road", pamene Mabaibulo a Chingerezi cha lero amalembapo "raid". Tanthauzo lakale limeneli latsalanso m'mawu akuti "inroad".

Ku Scotland mawuwa anali ndi ntchito yambiri. Kuyambira m'zaka za m'ma 1300 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, mabanja a m'malire a England ndi Scotland ankakhalira kuberana ng'ombe. Ankakwera akavalo usiku, kuoloka malire, kukusa ziweto za anzawo, kutentha nyumba, m'mawa kukucha ali kwawo. Anthuwa ankatchedwa "reivers". Khalidweli linazilala pamene James VI wa ku Scotland anakhalanso mfumu ya England m'chaka cha 1603, malire aja nataya ntchito yake, ndipo mawu a "raid" anazilala nalo limodzi. Amene anawadzutsa ndi mlembi Walter Scott, yemwe anawagwiritsa ntchito m'ndakatulo yake yaitali yotchedwa The Lay of the Last Minstrel ya m'chaka cha 1805 ndi m'mabuku ake ena onena za makedzana a ku Scotland. Mabukuwa anawerengedwa kwambiri, mawuwo nalowa m'Chingerezi cha aliyense. Dzina ndilo linayamba, mneni anabwera pambuyo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ankanenanso za apolisi othyola nyumba ya juga, ndipo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 mawu akuti "air raid" anafala.

Mawuwa atafika ku Mulanje

Choncho pamene amishoni a Church of Scotland anakhazikika ku Blantyre m'chaka cha 1876, ndipo alimi a khofi ndi tiyi anayamba kutsegula minda m'munsi mwa phiri la Mulanje cha m'ma 1890, anabwera ndi mawu omwe anali akwawo enieni. Munda wa John Moir unkatchedwa Lauderdale, dzina la chigwa china cha m'dera lomwelo la m'malire a Scotland komwe kunkachitika zoberana ng'ombe zija. Anthuwa ankadziwa bwino chomwe mawuwa amanyamula: chithunzi cha dziko lopanda boma, la mafumu aang'ono okhalira kufunkha, lomwe kwawo linatha pamene mfumu imodzi yamphamvu inalamulira mbali zonse ziwiri. Akalemba makalata opita kwawo onena kuti mafumu a Chiyao akuchita "raid" m'midzi ya Amang'anja, wowerenga wa ku Edinburgh ankamva nthawi yomweyo kuti mankhwala ake ndi boma lamphamvu. Amishoni ndi amalonda amenewa ndi omwe anakakamiza boma la Britain kuti litenge dziko lino, zomwe zinachitika m'chaka cha 1891.

Sitikunena kuti ankanama. Malonda a akapolo analipodi. Mafumu a Chiyao omwe anakhazikika mozungulira phiri la Mulanje ankagwira anthu m'midzi n'kuwagulitsa posinthana ndi mfuti, onga ndi nsalu, ndipo njira imodzi yaikulu yopita kunyanja ya mchere cha ku Quelimane inkadzera pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi. Angoni a Maseko nawonso anaoloka Shire m'chaka cha 1884 n'kufunkha midzi ya kumapiri a kummwera. Pa zochitika zimenezi mneni wa "raid" akukwanira bwino lomwe: gulu, kudzidzimutsa, kutenga, kubwerera.

Funso ndi lakuti, nanga zomwe ankachita Angerezi zinkatchedwa chiyani? Harry Johnston atafika ngati bwanamkubwa woyamba m'chaka cha 1891, nkhondo yake yoyamba inali ku Mulanje, yolimbana ndi Chikumbu, ndipo anaitsogolera ndi Kapitawo Cecil Maguire pamodzi ndi asilikali ochokera ku India. M'chaka cha 1893 anamanga Fort Lister pampata uja, malo omwe lero ali m'boma la Phalombe, ndipo kummwera kwa phiri kunali Fort Anderson, dzina lomwe boma la Mulanje linadziwika nalo kwa zaka zingapo. Chaka chomwecho anamenyana ndi Mkanda, ndipo m'chaka cha 1895 anagonjetsa Matipwiri ndi Mthiramanja. Kamenyedwe kake kanali kotere: asilikali ankanyamuka palinga, kufika pamudzi wa mfumu mosayembekezereka, kutentha nyumba, kutenga zomwe apeza, kenako kubwerera. Ndi momwenso ankachitira m'midzi yokana kupereka msonkho wa nyumba. Tikayesa zochitikazi ndi tanthauzo lomwe tafotokoza pamwambapa, palibe chomwe chikusowa. Komabe m'zolemba za atsamunda maulendo otere ankatchedwa "expedition", kawirikawiri "punitive expedition", ndipo ntchito yonse pamodzi inkatchedwa "pacification", ndiko kuti kudzetsa mtendere.

Taonani zomwe mawuwa akuchita. "Expedition" ndi mawu ochokera ku Chilatini, onena za ulendo wokonzedwa bwino wokhala ndi cholinga, ndipo ndi mawu omwewo ogwiritsidwa ntchito pa ulendo wa akatswiri okafufuza zomera paphiri. Mulibe fungo la utsi m'mawu amenewa. "Punitive" amatanthauza kupereka chilango, ndipo wopereka chilango amakhala kholo, mphunzitsi kapena woweruza, munthu amene udindo wake wavomerezeka kale. Pamene Johnston ankalanga Chikumbu, funso lakuti anamupatsa ndani udindo woweruza ku Mulanje linali lisanayankhidwe, ndipo nkhondoyo ndiyo inkaliyankha. Mawu anatsogola kugamula mlandu womwe mfuti zinali zisanamalize.

Wina angatsutse kuti Angerezi sanabwere kudzatenga n'kubwerera, anabwera kudzakhala, choncho "raid" sangawayenere. Mfundoyi ili ndi mphamvu tikayang'ana zaka zonse kuyambira 1891 mpaka 1895 ngati chinthu chimodzi. Koma ikatero, mneni woyenera ndi "conquer", kugonjetsa ndi kulanda dziko, osati "pacify". Ndipo kwa mayi amene nkhokwe yake inatenthedwa m'mawa umodzi, gulu lomwe linabwera linapitadi madzulo ake.

Umboni wina woti mawuwa amatsata chilolezo osati zochitika ukupezeka ku South Africa chaka chomwecho. Pa 29 December 1895, Leander Starr Jameson analowa m'dziko la Transvaal ndi amuna pafupifupi 600 okwera akavalo, ambiri mwa iwo apolisi a kampani ya Cecil Rhodes ya British South Africa Company. Cholinga chinali kugwetsa boma la Paul Kruger, osati kuba ng'ombe n'kubwerera. Anagonja pa 2 January 1896. Boma la Britain linakana kuti silinamutume, ndipo mpaka lero nkhaniyi imadziwika kuti Jameson Raid. Kampani yomweyo ndiyo inkathandiza Johnston ndi ndalama zoyendetsera boma lake kuno. Ndalama zinkachokera m'thumba limodzi, koma ulendo wokhala ndi chidindo cha boma unali "expedition", wopanda chidindo unali "raid".

Patapita zaka 20, mawuwa anagweranso anthu akuda. Usiku wa pa 23 January 1915, gulu limodzi la anthu a John Chilembwe linapita ku Magomero komwe linapha William Jervis Livingstone, ndipo lina linapita ku Mandala ku Blantyre kukathyola nyumba yosungiramo mfuti ya African Lakes Corporation. Ulendo wachiwiriwu ndi "raid" weniweni malinga ndi tanthauzo lake, popeza anapita kukatenga zida n'kubwerera ku Mbombwe. Olemba mbiri akhala akuuyerekeza ndi zomwe anachita John Brown ku Harpers Ferry ku America m'chaka cha 1859, zomwenso zimatchedwa "raid". Koma zochitika zonse pamodzi zimatchedwa "rising" kapena "uprising", mawu omwe amavomereza kuti anthuwa anali ndi dandaulo ndi boma. Chilembwe anawomberedwa pa 3 February 1915 m'boma la Mulanje, akulowera kumalire a Mozambique.

Nanga m'Chichewa tinene chiyani?

Apa ndi pomwe tikuona vuto la yankho lija lakuti "kuukira". Mneniyu akuchokera ku tsinde lakuti -uka, kudzuka, ndi msintho womchitira. Kuukira munthu ndi kumudzukira. M'kamvedwe kathu, woukira amakhala wapansi amene watembenukira wamkulu, kapena wapafupi amene watembenukira mnzake: mwana aukira bambo ake, asilikali aukira boma, galu aukira mbuye wake. Mneniyu akufanana kwambiri ndi "rise against" kusiyana ndi "raid". N'chifukwa chake kunena kuti Chilembwe anaukira boma la atsamunda kumamveka bwino. Koma kunena kuti Matipwiri anaukira midzi ya Amang'anja kumasokoneza, popeza iye sanali pansi pawo, ndipo kunena kuti Chikumbu anaukira Angerezi kukupereka kwa Angerezi ufumu womwe m'chaka cha 1891 anali asanaupeze. N'zoona kuti olemba nkhani a masiku ano amukoka mneniyu mpaka kukwanira "attack" wa mtundu uliwonse, koma womasulira mbiri sayenera kutengera zimenezo.

Chichewa chili ndi aneni oyenera kuposa ameneyu. Kufunkha ndi kulowa m'mudzi mwa nkhondo n'kutenga katundu, ndipo owerenga Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu m'chaka cha 1922, amadziwa bwino mawu akuti zofunkha. Mneniyu akugwira mbali ya kutenga, ngakhale sakunena za kudzidzimutsa. Kufwamba, komwe kunabala mawu akuti chifwamba ndi achifwamba, kumanena za kugwira munthu kapena kumulanda panjira, ndipo kukuyenera bwino pa zogwira anthu okagulitsa. Kuthira nkhondo ndi mawu osakondera, chifukwa sanena ngati wothirayo ali ndi chilolezo kapena ayi. Mfumu ithira nkhondo, boma lithira nkhondo. M'maganizo mwanga, womasulira buku la mbiri ya Mulanje angachite bwino kugwiritsa ntchito kuthira nkhondo ku mbali zonse ziwiri, n'kusunga kufunkha pa malo okhawo pomwe katundu kapena anthu anatengedwadi, posayang'ana kuti wotengayo anavala yunifomu kapena ayi. Zimenezi n'zofunika chifukwa Chikumbu, Mkanda ndi Mthiramanja si mayina a m'mabuku okha. Ndi maufumu omwe alipo ku Mulanje mpaka lero, ndipo ana a m'madera amenewa ndi omwe amawerenga mabukuwo.

Anthu a ku Muloza anaonanso nkhondo ya mawu yotereyi m'zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inafika ku Milange, tsidya lina la mtsinje, anthu ambiri nathawira ku Mulanje. Boma la Frelimo silinkatcha Renamo gulu la nkhondo, linkati ndi "bandidos armados", achifwamba okhala ndi zida. Koma pa 4 October 1992 boma lomwelo linasainirana nawo pangano la mtendere ku Rome, ndipo pa chisankho cha 1994 achifwamba aja anali chipani.

M'Chingerezi cha lero zinthu zatembenuka. Tikatsegula nyuzipepala, mwininkhani wa mneni "raid" amakhala apolisi kawirikawiri, kapena alonda a zankhalango okalanda makala ndi matabwa a mkungudza odulidwa mozemba m'phiri la Mulanje. Mneni yemwe kale ankaloza wopanda lamulo tsopano akuloza wosunga lamulo, ndipo kudzidzimutsa komwe kunali chizindikiro cha wakuba kwasanduka luso la wapolisi. Tanthauzo lakale silinafe, popeza a zaulimi amanenabe za anyani ndi njovu kuti zimachita "raid" m'minda ya chimanga, ndipo Mngerezi amanena moseka za ana okhuthula chakudya m'firiji usiku. Chichewa sichinalole kuti mneni mmodzi anyamule mbali zonse ziwirizi. Palibe mtolankhani amene angalembe kuti apolisi afunkha msika wa Limbuli, pokhapokha ngati akufuna kuwaimba mlandu. Pa ntchito ya apolisi tinabwereka mawu ena, timati achita chipikisheni, mawu omwe ambiri amawalumikiza ndi "inspection" wa Chingerezi. Koma wogulitsa makala amene matumba ake akwezedwa m'galimoto ya boma sanena kuti kunali chipikisheni. Iye amati andilanda.